Nambala ya Petulo ndi Njinga Yamoto ya Pabanja

Amayi anzanga, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, m'midzi yathu ya kuno ku Kasungu mumayamba kumveka kulira kumene agogo athu sankakudziwa. Kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ku Chamama ndi ku Chulu komwe, njinga zamoto zatsopano zimathamanga m'tinjira momwe kale munkadutsa ngolo za ng'ombe zokha. Abambo akatapa ndalama za mabelo awo, chinthu choyamba chimene amachilakalaka ndi mthuthuthu. Ine sindiwadzudzula ayi, pakuti njinga imeneyi ndiyo imanyamula feteleza, ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku, ndiponso m'mabanja ambiri ndiyo imabweretsa ya mchere ndi sopo mnyamata akamachita nayo kabaza.

Koma tiyeni tifunsane: kodi ndalama yogulira njingayo inachokera kuti? Amene ankalawirira kukathirira nazale kudambo ndani? Amene ankasoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii ndani? Ngati thukuta lathu lili m'njingamo, ndiye kuti nafenso tiyenera kudziwa chimene njingayo ikumwa. Ambiri a ife timati za mafuta nza amuna, ife zathu nza kumoto. Komatu injini ikafa, ndalama yokonzera imachotsedwa pa fizi ya mwana ndi pa thumba la chimanga, ndipo pamenepo nkhaniyo imakhala italowa m'khitchini mwathu osagogoda.

Nkhani ya nambala ya petulo inafika m'gulu lathu la amayi kudzera mwa ana athu obwera ku Joni. Iwo amati ku South Africa munthu akaima pamalo omwetsera mafuta amafunsidwa ngati akufuna petulo wa 93 kapena wa 95, ndipo zimenezi nzoona. Tsono anyamatawa akafika kuno amauza makolo awo kuti wa 95 ndiye wamphamvu, ndi kuti njinga zathu zikufooka chifukwa cha petulo wa kuno. Abambo ena atamva zimenezi anayamba kufunafuna mankhwala a m'timabotolo oti azithira m'thanki kuti nambalayo ikwere, ena n'kumakhulupirira aliyense wa pamsewu wonena kuti wake ngwochokera kunja. Amayi atandipempha kuti ndikafufuze, ndinatenga kabuku kamene kanabwera ndi njinga ya kunyumba kwathu, ndi mwana wanga wamkazi woti azindiwerengera Chingerezi, ndipo tinakakhala tsiku lathunthu pa amakaniko ena achikulire kuboma. Paja amati safunsa anadya phula.

Chimene ndinaphunzira choyamba ndi ichi: nambala ija dzina lake ndi okiteni, ndipo imanena za kupirira kwa petulo. M'kati mwa injini muli chitsulo chonga munsi, chotchedwa pisitoni, chimene chimakwera ndi kutsika m'chibowo chake. Chikamakwera chimapanikiza mpweya wosakanizika ndi petulo, ndipo chikayandikira pamwamba, pulagi imathetheka moto, mpweyawo n'kuyaka bwinobwino ndi kukankhira pisitoniyo pansi. Kukankha kumeneko ndiko kumayendetsa gudumu. Koma mpweya ukapanikizika umatentha, ndipo petulo wosapirira sadikira kuti lawi la pulagi limufike. Gawo lina limangophulika lokha nthawi isanakwane.

Inu nonse mumadziwa kusinja awiri pamtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake amatsitsa, ndipo ntchito imayenda mokoma ngati gule. Koma mmodzi akapupuluma n'kutsitsa munsi wake nthawi isanakwane, minsi imawombana, manja amachita dzanzi, mphale imatayika, ndipo mukapitiriza chomwecho mtondo umang'aluka. Ndi mmenenso zimakhalira m'injini. Petulo akaphulika mopupuluma mumamva kaphokoso ngati timisomali tikugwedezeka m'chitini, makamaka pokwera chitunda ndi katundu wolemera. Phokosolo likakhalitsa, pisitoni imapsa kapena kubooka, ndipo mapeto ake ndi aja timamva akuti injini yanoka.

Amene anakonza muyezo umenewu ndi akatswiri a ku America m'zaka za m'ma 1920. Iwo anatenga mafuta awiri oyesera: ena opirira kwambiri anawapatsa nambala 100, ena ophulika msanga anawapatsa 0. Choncho petulo wa 93 ndi amene amapirira mofanana ndi msakanizo wa magawo 93 a mafuta opirira aja ndi magawo 7 a osapirirawo. Mphamvu imene ili mu lita imodzi ya 93 ndi imene ili mu lita imodzi ya 95 ndi yofanana ndithu. Wa 95 amafunika m'mainjini opanikiza mpweya kwambiri, monga a magalimoto ena amakono ndi njinga zazikulu zampikisano. Njinga zathu zing'onozing'ono za 100 cc, 125 cc ndi 150 cc sizipanikiza motero, ndipo timabuku take tambiri timatchula nambala yoyandikira 90. Mukaipatsa nambala yoposa imene ikufuna, siithamanga kuposa kale, ndiponso siichepetsa kamwedwe. Zili ngati kugula chitenje cha mamita khumi pamene diresi likufuna anayi.

Amakanikowo anandiuzanso chinthu chimene chinandikondweretsa. Dziko lathu la Kasungu lili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kumtunda mpweya umakhala wopepuka. Mpweya wopepuka supanikizika kwambiri m'injini, kotero kuti vuto lophulika msanga limachepa. N'chifukwa chake ku South Africa komweko petulo wa 93 amagulitsidwa kumadera okwera monga Johannesburg, pamene kugombe monga ku Durban ndi ku Cape Town amagulitsa wa 95. Ana athu anaona manambala awiri pampope koma sanauzidwe chifukwa chake.

Kuno kwathu, mukaima pamalo omwetsera mafuta ovomerezeka, simufunsidwa nambala. Mumangoti petulo kapena dizilo. Dziko lathu lilibe fakitale yoyenga mafuta, motero petulo yense amachokera kunja kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Bungwe la MERA ndilo limayang'anira malonda a mafuta ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, ndipo la Malawi Bureau of Standards ndilo limaika miyezo. Petulo wa pampope amakwanira bwino lomwe pa njinga zathuzi.

Ndiponso petulo wathu ali ndi kanthu kena ka kwathu konkuno. Kuyambira mu 1982, ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, anansi athu a kum'mawa, kwakhala kukupangidwa ethanol kuchokera ku madzi akuda okhuthala amene amatsala popanga shuga. Fakitale yachiwiri, ya PressCane ku Chikwawa, inayamba ntchito mu 2004. Ethanol ndi mtundu wa kachasu woyengedwa kotheratu, wosayenera kumwa munthu, ndipo amasakanizidwa ndi petulo pa muyezo woikika umene kwa zaka zambiri wakhala pakati pa magawo 10 ndi 20 pa magawo 100 alionse. Iyeyu ngwopirira zedi, nambala yake imaposa 100, choncho akalowa m'petulo amakweza okiteni. Kale dziko lonse lapansi linkakweza nambalayi ndi mankhwala a mtovu, amene anatulukiridwa mu 1921, koma zinadziwika kuti utsi wake umawononga ubongo wa ana. Mayiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wa mtovu pofika mu 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linaleka mu 2021. Abambo akamadandaula kuti petulo wakale ndiye anali weniweni, muwakumbutse kuti m'petulo ameneyo munali chiphe cha adzukulu awo.

Tsono ngati pampope palibe chosankha, kodi kusankha kwathu kuli pati? Kuli pa malo ogulira. Nonse mwaona mabotolo ndi zigubu zoikidwa patebulo m'mphepete mwa msewu, m'misika ing'onoing'ono ndi pamphambano pamene pamaima a kabaza. Malonda amenewa anakula m'zaka za 2011 ndi 2012 pamene mafuta anasowa m'dziko muno, ndipo anakulanso kuyambira mu 2022 pamene mizere inabwerera pamalo omwetsera mafuta. Gwero la kusowako ndi kuchepa kwa ndalama zakunja, ndipo ife alimi a fodya timamva kuwawa pawiri, pakuti fodya wathu yemweyu ndiye amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zimenezo. Ndikudziwanso kuti munthu wokhala kutali ndi boma sangakankhe njinga mtunda wonsewo kufuna mpope. Sindinena kuti wogulitsa m'botolo aliyense ngwachinyengo. Ambiri ndi ana athu omwe ofuna kupeza ya ufa. Koma m'botolo mulibe chidindo, ndipo ena mwa iwo amathiramo palafini kapena madzi kuti malita achuluke.

Palafini ndiye mdani weniweni wa nambala ija. Iye okiteni wake ngwotsika kwambiri, kotero kuti pang'ono pokha amagwetsa kupirira kwa petulo yense. Sauluka msanga ngati petulo, choncho njinga imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi, pulagi imada mwaye, ndipo wina wosapsa amatsikira pansi n'kusungunula oyilo amene amateteza zitsulo kuti zisadyane. Munthu amaona ngati wapulumutsa ndalama kapena nthawi, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga kwa mayi wina wa m'gulu lathu. Amuna awo anagula njinga atagulitsa fodya, ndipo mwana wawo ankachita nayo kabaza. Mafuta atasowa, mnyamatayo anazolowera kugula m'mabotolo pamalo ena pamsika. Mayiwo anatiuza pamsonkhano kuti njingayo ikafika pakhomo imanunkha ngati koloboyi, koma atanena kunyumba anayankhidwa kuti, "Inu mayi, za injini mwazidziwira kuti?" Sipanapite miyezi yambiri, usiku wina mpongozi wawo anayamba kumva zowawa za uchembere nthawi isanakwane. Anaitchaya njinga ija mpaka thukuta kamukamu, koma inangotsokomola n'kukhala chete. Anachita kudzutsa mudzi wonse kufuna ngolo, ndipo anafika kuchipatala kunja kukuyera. Mwamwayi mayi ndi khanda anapulumuka. Injiniyo itatsegulidwa, pisitoni inapezeka itapsa m'mbali, ndipo ndalama yokonzera anaibwereka kubanki m'khonde yathu, n'kuibweza movutika chaka chonse. Mphuno ya mayi uja inali itanena zoona kalekale.

N'chifukwa chake ndikuti ife amayi tili ndi zida zoyesera mafuta zimene sitizilabadira. Amene wayatsa koloboyi kuyambira ali mtsikana salakwitsa fungo la palafini. Kuwonjezera apo, tengani pepala loyera la m'kope, mudonthezerepo madontho awiri kapena atatu, ndipo muliike pamthunzi kutali ndi moto. Petulo wabwino amauma msanga osasiya banga la mafuta, koma wosakaniza ndi palafini wambiri amasiya banga lonyowa ngati pamene panakhudza mandasi. Za madzi, thirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi ndi kulikhazika kanthawi. Madzi ngolemera, amakhala pansi, ndipo mumaona mzere wolekanitsa. Njira zimenezi sizingagwire chinyengo chilichonse, koma zimagwira chachikulu. Wogulitsa woona mtima sakwiya mukamuyesa. Wokwiya, musiyeni ndi botolo lake.

Ethanol uja nayenso ali ndi khalidwe lake loti tilidziwe. Iye amakoka chinyezi monga umachitira mchere m'nyengo ya dzinja. Njinga ikaimikidwa miyezi ingapo chifukwa cha matope, kapena chivindikiro cha thanki chikakhala chosatseka bwino, madzi amalowa pang'onopang'ono, kenaka amagwirizana ndi ethanol n'kutsikira pansi pa thanki. Zikatero petulo wotsala pamwamba amakhala wataya gawo la kupirira kwake, thanki imachita dzimbiri, ndipo kabuleta imatsekeka. Motero njinga isamagone pamvula, chivindikiro chake chizikhala chothina, ndipo ngati iti ikhale nthawi yaitali osayenda, ndi bwino kutseka kampopi ka mafuta ndi kuiliza mpaka kabuleta itauma. Petulo si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe mpaka chaka chamawa, akakhalitsa amaguga.

Pamenepa ndiyenera kunenanso za kusunga petulo m'nyumba. Mafuta akayamba kusowa, abambo ambiri amabisa zigubu kunsi kwa bedi kapena m'chipinda chosungira mabelo. Amayi anzanga, ichi chokha musalole. Mpweya wa petulo ngwolemera, umayenda chokwawa pansi, ndipo umatha kukapeza mbaula kapena kandulo ili kutali ndi chigubucho. Nyumba zathu zambiri nza udzu, ndipo fodya wouma amayaka ngati pepala. Bungwe la MERA lakhala likuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, ndipo kugulitsa mafuta popanda chiphaso ndi mlandu. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, ana athu amagona m'nyumba momwemo.

Si nthawi zonse pamene kaphokoso ka timisomali kamachokera ku mafuta oipa. Njinga yopangidwira anthu awiri ikasenzetsedwa anthu atatu ndi thumba la feteleza pamwamba, dzuwa la mwezi wa Okutobala lili phwee, woyendetsa n'kumakakamira giya yaikulu pachitunda, ngakhale petulo wabwino amalephera kupirira. Mankhwala ake ndi kutsitsa giya, kuchepetsa katundu, ndi kuipumitsa ikatentha. Mwaye wochuluka m'injini, pulagi yosayenera, ndi matope omata pazitsulo zoziziritsira injini, zonsezi zimabweretsa vuto lomwelo. Choncho phokoso likapitirira pamene mafuta ngapampope, njingayo ipite kwa amakaniko msanga, lisanakule.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu: nanga zimenezi tingazinene bwanji kwa eni nyumba osaoneka ngati tikuwaphunzitsa? Ine ndinadikira abambo akwathu atadya ndi kusamba, ndipo ndinatenga kabuku kaja n'kunena kuti, "Bambo, tandithandizani, apa alemba kuti njinga yathuyi imafuna petulo wa nambala yanji?" Anawerenga okha, natchula nambalayo okha. Ndinawafotokozera za minsi iwiri pamtondo umodzi, iwo n'kuseka, nati, "Mayi, kodi mwasanduka makaniko liti?" Ndinati, "Kuyambira tsiku limene ndinasoka fodya wogulira njingayi." Sanayankhe msanga, koma m'mawa mwake ndinawamva akuuza mwana wathu kuti akapita kuboma azidzaza thanki pampope, ndi kuti la m'botolo likhale la tsiku latsoka lokha, atayamba waliyesa papepala. Mwamuna akapeza yekha yankho m'buku amalisunga ngati lake, ndipo ife chimene tikufuna ndi njinga yamoyo.

M'gulu lathu tinagwirizana zinthu zingapo zimene magulu ena angatengereko. Mayi aliyense amene pakhomo pake pali njinga yamoto azidziwa pamene pali kabuku kake, ndipo azikasunga pamodzi ndi makadi a kusikelo, pakuti timabukuti timatha ndi kukulungira fodya wosuta. Wina akapita kuboma n'kupeza kuti mafuta afika, azidziwitsa anzake pafoni kuti njinga za m'mudzi zikamwe tsiku lomwelo. M'nyumba momwe muli mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira, thanki isatsike kupitirira theka, ndipo njingayo izilizidwa m'mawa uliwonse kuti tidziwe kuti ili moyo. Komanso mayiyo apite msanga kukadikirira kuchipatala monga amatilangizira anamwino. Pomaliza, wobwereka ndalama kubanki m'khonde kuti agule kapena kukonza njinga, timayamba takhala naye pansi ndi kumufotokozera zonsezi, pakuti ndalama imene akutengayo ndi yathu tonse.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Njinga imene ili pakhomo panu lero ndiyo fodya wa pamphunoyo, pakuti za mitengo ya chaka chamawa ku okushoni palibe angalonjeze. Musatekeseke ndi manambala a ku Joni, ndipo musataye ndalama pa timabotolo tolonjeza mphamvu. Onani nambala imene yalembedwa m'kabuku, gulani pampope pamene mungathe, nunkhizani ndi kuyesa pamene simungathe, ndipo mvetserani kulira kwa injini monga mumamvetsera kupuma kwa mwana usiku. Mukakumana pamsonkhano wanu sabata ino, kapena pachitsime pomwe, kambiranani zimenezi ndi anzanu amene nyuzipepala ino siiwafika.